Penate ya Agogo a Namakhwa

Pa anthu onse amene anapita ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndikukhulupirira kuti ndi agogo anga okha amene ankadandaula kuti nkhondoyo inatha msanga. Osati kuti ankaikonda, ayi. Dandaulo lawo linali la mphindi imodzi yokha. Ankati nkhondoyo ikanakhala ya ulemu ikanadikira kaye kuti iwo amenye penate yawo, mpira uthe bwinobwino, kenako aliyense azipita kwawo mtima uli m'malo. Mwezi uno patha chaka chimwalirireni a Wilisoni Namakhwa a ku Chinamwali, ku Zomba. Ine ndine mdzukulu wawo, ndimayendetsa fokolifiti, kagalimoto kokwezera katundu, m'nyumba yosungiramo katundu kuno ku Al Quoz, m'dziko la Aluya, ndipo ndati ndilembe zomwe ndikukumbukira ndisanayambe kuthira mchere wambiri monga ankachitira eni ake.

Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, wa mawu aakulu kuposa thupi. Zaka zawo sankazidziwa, ndipo sankafuna kuzidziwa. Chomwe ankanyadira n'chakuti tsiku lolembedwa usilikali ku kampu ya ku Zomba anadzaza miyala m'matumba a kabudula kuti sikelo iwayese munthu wamkulu. Kuyambira pamene ine ndinayamba kuzindikira, masana alionse ankanyamula kampando kawo n'kukakhala pakona ya galaundi ya sukulu, kumene ankalalatira aliyense wokhudza mpira, kaya ndi timu ya akuluakulu, kaya ndi ana omenya chikulunga cha mapepala. Munthu ankamuyeza ndi chinthu chimodzi basi, ndicho mmene amaimitsira mpira. Ankati woimitsa mpira mofatsa amasunganso banja, koma amene mpira umadumpha paphazi pake, nazonso nkhani za m'nyumba zimamudumpha chimodzimodzi. Amuna onse amene anabwera kudzafunsira ana awo aakazi anagubuduziridwa mpira pakhomo asanapatsidwe mpando. Ine anandigubuduzira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mpira unandigunda m'miyendo n'kubwerera kwa iwo ndisanagwedezeke n'komwe. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linali Chitsa, ndipo la ubatizo sanalitchulenso.

M'khosi mwawo munkakhala wezulo yachitsulo, yomangidwa pa chingwe cha nsapato. Ankagona nayo, ankasamba nayo, ankalowa nayo m'tchalitchi pansi pa tayi. Koma palibe amene anawamvapo akuiliza. Mlendo akalakwitsa n'kufunsa chifukwa chake, ife tinkadziwa kuti tiyi wazizira, chifukwa nkhani yake inkatenga ola lathunthu.

Nkhaniyo inali yotere. Atachoka m'nkhalango za ku Burma, asilikali a kwathu anawatengera ku India kuti akapume m'kampu. Kumeneko, m'chaka cha 1945, kunakonzedwa mpira pakati pa asilikali a ku Nyasalandi ndi a ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia. Onse ankasewera opanda nsapato. Zigoli zinali chimodzi kwa chimodzi, nthawi itatsala pang'ono kutha, pamene agogo anadutsa anthu atatu, wachinayi n'kuwatchera mwendo pafupi ndi golo. Woyimbira, mzungu wachinyamata wa nyota ziwiri paphewa, analoza pamalo a penate. Agogo anaika mpira pansi, n'kubwerera m'mbuyo mapazi asanu. Pagolo panali Kopolo Jere wa ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, chimunthu chachitali, akulavulira m'manja. Apo ndi pamene njinga yamoto inalowa pakati pa galaundi, wokwerayo akugwedeza pepala. Mzungu uja anawerenga, analiza wezulo mpaka kufiira nkhope, anakuwa kuti Japani wagonja, nkhondo yatha, n'kuponya wezuloyo m'mwamba. Anthu anakhamukira m'bwalo. Wina anaumenya mpira uja n'kukagwera kuseri kwa matenti a ophika. Jere anzake anamunyamula pamapewa ngati wagwira kanthu. Agogo anatsala okha ataima pamapazi awo asanu aja, akukuwa kuti penate, penate, popanda wowamva. Kenako anawerama n'kutola wezulo m'fumbi.

Apa ankaimika nkhani, n'kumuyang'ana mlendoyo m'maso. Ankamufunsa ngati akudziwa lamulo lakuti mpira sutha penate isanamenyedwe. Mlendo akavomera, iwo ankati ndiye kuti mpira wa ku India udakali m'kati, ndipo wezuloyo singalire mpaka tsiku lomenya penateyo. Pomaliza ankanena komwe akanauponya, ndipo mawu ake sankasintha: pansi, kumanzere kwa goloboyi, mpira wokwawa, wopsopsona mtengo wa golo. Chinamwali yense ankawadziwa mawu amenewa. Ana akawaona akubwera ndi kampando ankaimba kuti "pansi, kumanzere," iwo n'kumawaopseza ndi ndodo uku akumwetulira.

Nkhondo itatha sanakhalitse kumudzi. Mbiri ya mwendo wawo wamanzere inali itafika ku migodi ya kopa, ndipo kampani ina inawalemba ntchito. Papepala analembedwa kuti ndi wopukuta nyale za anthu olowa pansi, koma nyale zomwe anapukuta pa zaka khumi ndi chimodzi sizingadzaze dengu. Ntchito yawo inali mpira, ndipo kwathu konse ndiwo anali oyamba kudya za phazi. Bambo awo, pochita manyazi, ankauza anthu kuti mwana wawo ndi kalaliki ku migodi, poti akanati amalipidwa chifukwa chothamangitsa chikopa, anthu akanati nkhondo inamusokoneza mutu. Nsapato za mpira ankadana nazo. Ankati zimamutseka munthu makutu a kuphazi, moti theka lachiwiri likafika ankazivula n'kuzisiya pamzere, akuluakulu a timu akudziguguda pamtima. Koma chimene chinkawapsetsa mtima kwambiri akuluakuluwo n'chakuti pa zaka zonsezo agogo anakana kumenya penate ngakhale imodzi. Ankagoletsa ndi mutu, ndi chidendene, ngakhale kuchokera pakona, koma woyimbira akaloza pamalo paja iwo ankapereka mpira kwa mnzawo n'kutembenuka. Ankati munthu sayamba kulima munda wina woyamba usanathe.

Jere uja agogo anamupeza. Tchuthi china anakwera basi mpaka ku Fort Jameson, mpira uli m'khwapa, n'kufunsafunsa mpaka anaima pakhomo pake. Anapeza munthu atanenepa, ali mkulu wa mpingo. Jere anawaphera mbuzi, anacheza masiku awiri osatopa, koma zoima pagolo anakana kwamtuwagalu. Iye ankadziwa kuti penate yosamenyedwa ndi penate yosalowa. Kuyambira pamenepo Khirisimasi iliyonse agogo ankamulembera kalata yomufunsa za ana ndi za mvula, pansi pake n'kulemba kuti pansi, kumanzere. Yankho linkabwera mu Januwale, nalonso lotha ndi mawu amodzimodzi: ndikanaugwira. Azakhali anga amati uthenga wa imfa ya Jere utafika, agogo anakhala masiku atatu osapita ku galaundi. Tsiku lachinayi anatuluka m'nyumba maso ali ofiira, n'kunena kuti munthu uja wathawa.

Za nkhondo yeniyeniyo sankakamba. Tikawafunsa ankangoti kunali mvula yosaleka ndi misundu yolowa m'jombo, n'kusintha nkhani. Mendulo zawo zinkakhala m'chitini cha mabatani. Koma lipenga sankalipirira. Likalira pa wailesi pa mwambo wokumbukira asilikali, ankadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Tsiku lina lokha ndi pomwe anandiuza chifukwa chake, tikusenda chimanga. Anati lipenga analimva pa manda ambiri a anyamata anzawo, ndipo palibe amene anabwerera kwa amake litalira. Wezulo ndiyo yabwino, chifukwa ikalira anthu amagwirana chanza n'kupita kukadya. Anandiuzanso kuti chikanapanda chikopa chija, mutu wawo ukanatsalira ku Burma. Ndinamva chisoni kwambiri tsiku limenelo, ndipo sindinawafunsenso.

N'chifukwa chake anaika lamulo la maliro awo, ndipo analinena kwa zaka zambiri. Lipenga ayi. Bokosi lisanatsike, munthu wa magazi awo amenye penate ija, pagolo paime munthu wa kwawo kwa Jere, kenako wezulo ilire katatu. Amene ankalimbana nawo pa nkhani imeneyi ndi azakhali a Esitere, mwana wawo womaliza, amene ankawasamala. Azakhali ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwathu, munthu wosaseka pagulu.

"Ababa, kumanda si ku galaundi," ankatero azakhali. "Anthu adzati chiyani? Ine nkhope yangayi ndidzaiika pati?"

"Nkhopeyo udzaisiye kunyumba," agogo ankayankha. "Udzangobwera ndi mpira."

"Ine ndiye ayi. Mudzaimbiridwa nyimbo za Mulungu ngati anthu ena onse."

"Nanga Mulunguyo anakuuza kuti sakonda mpira?"

Mikangano ina yonse azakhali ankapambana. Anawaletsa shuga wa masipuni anayi, anawaletsa njinga, anawaletsa kukwera padenga. Uwu wokha unkathera m'malere, wina akulowa kukhitchini, wina akusisita wezulo yake.

Mliri wa korona utafika, azakhali anapambananso. Anabisa kampando, n'kulamula kuti agogo asadutse mpanda. Kunonso tinatsekeredwa m'zipinda za kampu ya antchito, anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda, ndipo ndinkaimba foni kumudzi kawirikawiri kuposa kale. Ndinkaona pa vidiyo munthu akufota. Sankalalata, sankanditchula Chitsa, ankangofunsa ngati ndadya. Zimenezi zinandiopsa kuposa chifuwa. Choncho atatilola kutulukanso, ndinaganiza zowabweretsera galaundi m'nyumba.

Kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu kuli malo a mchenga komwe timasewera tsiku lopuma, nthawi imeneyo linali Lachisanu. Magolo ndi a matabwa a mapaleti osanjikirapo katundu, ukonde ndi womangira katundu. Timagawana mosavuta, Amalawi uku, Azambia uko. Pamzere panali buloko ya simenti yotsala kwa omanga. Ndinaimika foni yanga pabulokopo, n'kuitchinga dzuwa ndi kachidutswa ka katoni. Kuno inali faifi koloko madzulo, ku Zomba fili koloko, nthawi yawo yeniyeni ya galaundi. Azakhali anawagwirira foni ku mbali yawo. Mphindi zisanu zoyamba tinkangoona khutu, chifukwa iwo ankaika foniyo kukhutu monga anazolowera. Kenako mpira unadutsa, ine n'kuuphonya, ndipo kuchokera pabuloko paja panatuluka mawu amene anaimitsa masewero onse.

"Chitsa! Wakwera ndege ulendo wonsewo kukaima ngati chitsa kwa eni ake?"

Anzanga anagwa pansi ndi kuseka. Ine ndinatembenuka kuti asaone kuti misozi yalengeza.

Kuyambira tsiku limenelo Lachisanu lililonse agogo ankakhala pabuloko. Netiweki ikadula, chithunzi n'kuuma, ankatikalipira kuti taimiranji tonse nthawi imodzi ngati asilikali pa perete. Anzathu a ku India ndi ku Pakistan akabwera kudzaonerera, agogo ankawalankhula ndi timawu ta kwawo tomwe anatola mu 1945, ndipo akakuwa kuti "jaldi, jaldi," kutanthauza fulumirani, anthu aja ankaomba m'manja n'kuyamba kujambula foni yanga ndi mafoni awo. Agogo nawonso anatola kwa ife "yalla," kutanthauza tiyeni, ndi "khalas," kutanthauza basi, n'kumavutitsa nazo azakhali pa nthawi ya chakudya.

Koma chimwemwe chawo chachikulu chinali Tembo, goloboyi wa Azambia, amene amakonza magetsi pa kampani yoyandikana ndi yathu. Atamva kuti Tembo anakulira ku Lusaka koma kwawo ndi ku Chipata, anakuwa kuti Fort Jameson mpaka foni inanjenjemera. Mpira ukatha ankamuitanitsa.

"Tembo, bwera pafupi ndikuone. Manja akowo ndi a Jere enieni. Ukudziwa komwe ndikanauponya?"

"Nidziwa, ambuya. Pansi, kumanzere. Mwaniuza kale maningi."

"Wokwawa, wopsopsona mtengo."

"Ine ningaugwile chabe, ambuya. Ise a ku Chipata sitigona pagolo."

"Udzaona," ankatero agogo, akuseka mpaka kutsokomola.

Anamuuza zimenezi Lachisanu lililonse kwa miyezi inayi. Palibe mmodzi wa ife amene anadabwa nazo.

Mu Januwale chaka chathachi matenda anakula kwathu. Agogo anayamba chifuwa Loweruka, Lachiwiri m'mawa anapita. Uthenga unandipeza ndili pa fokolifiti, katundu ali m'mwamba. Ndinatsitsa katunduyo bwinobwino, ndinazimitsa injini, ndipo ndinakhala pomwepo osatha kutsika. A zaumoyo anali atalamula kuti maliro aikidwe mawa lake dzuwa lisanafike pamutu, anthu ochepa, popanda kugona pa siwa. Zopita kumudzi panalibe. Ndinamva manyazi aakulu, poganiza kuti munthu amene anadikira zaka 75 akukwiriridwa mothamanga, mpira wake usanathe, ine ndili kuno kusenza makatoni a eni.

Madzulo ake azakhali anaimba. Anayamba ndi dzina lomwe anali asanandiitanepo nalo.

"Chitsa, tamvera. Kuno mpira sangatilole kumanda, ndipo wa ku Chipata ndilibe. Wa magazi awo ndiwe, goloboyi uli naye komweko. Mawa leveni koloko uike foni pamalo paja. Wezulo ndili nayo ine."

"Azakhali, si inu munkakana?"

"Ndawakaniza zinthu zambiri bambo anga. Ichi chokha atenge. Ndakutumiziranso mawu omwe anajambula Lamlungu. Anati umvere uli wekha, pasakhale Mzambia pafupi."

Mawuwo sindinawatsegule. Ndinalibe mphamvu yomva mawu a munthu amene wagona m'bokosi. M'malo mwake ndinapita kwa Tembo, ndipo ndikuvomera kuti ndinakapempha chinthu chochititsa manyazi. Chiyambireni kusewera pamchenga paja ndinali ndisanagoletsepo, ndipo Tembo ankadziwa mbali. Ndinamupempha kuti mawa angoulekerera mpirawo udutse.

Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi. "Iwe, ambuya aja anganibwelele kutulo. Sanadikile zaka zonse izi kuti apatsiwe chigoli cha chifundo. Na a Jere ni akwathu, niimilila iwo. Menya mwamphamvu, inshallah uzalowa, koma ine nizagwa."

Ndinachoka nditakwiya, ngakhale ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Lachitatu, kapitawo wathu, munthu wa ku India amene agogo ankamukuwira kuti jaldi, anatipatsa mphindi makumi awiri pa nthawi ya chakudya, ndipo iye mwini anatsatira. Tinalipo anthu asanu ndi atatu, tonse m'mayunifolomu ndi mamasiki, titaima motalikirana. Tembo akuyeza mapazi kuchokera pagolo, ine ndinapita kuseri kwa kontena, n'kutsegula mawu aja, foni ili kukhutu monga ankachitira agogo. Mawu anali otopa, opuma pakatipakati, koma anali awo.

"Chitsa. Uli wekha? Tamvera. Umenye kumanja. Kumanja kwa goloboyi. Zakumanzere zija ndinkanamiza Jere. Goloboyi ali ndi makutu, mwana wanga, ndiye umamudyetsa mbali yolakwika mpaka aikhulupirire. Tembo ndamuphika mokwanira, wapsa. Vula nsapato. Usathamange, mapazi asanu okha. Ngakhale chitsa chingagoletse. Khalas."

Ndinaseka ndekhandekha kuseri kwa kontena mpaka ndinagwira m'mimba, misozi ikulowa m'masiki. Makalata onse a Khirisimasi aja, alendo onse omwe tiyi wawo anazizira, ana a ku Chinamwali ndi nyimbo yawo, zonsezo zinali kuthamangira mpira umodzi. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinapukuta nkhope, ndinaivalanso ya maliro kuti Tembo asazindikire, n'kubwerera pabwalo.

Wani koloko itakwana kuno, leveni kumudzi, ndinaimika foni pabuloko. Ku Zomba kunali mvula yowaza. Tinaona azakhali atavala zoyera za kutchalitchi pansi pa ambulera, kumbuyo kwawo bokosi lili pamitengo pamwamba pa dzenje, anthu a zaumoyo atavala zotchinga thupi lonse akuyang'ana mawotchi. Abusa anali atatsegula Baibulo n'kumatembenuza masamba pang'onopang'ono ngati vesi yawasowa. Ndinavula nsapato za ntchito ndi sokosi. Mchenga unali wofunda. Ndinaika mpira pansi, ndinabwerera mapazi asanu. Tembo analavulira m'manja, ndipo ndinaona thupi lake litapendekera kale kumanzere.

Azakhali anatsitsa masiki, anaika wezulo pakamwa. Inalira mosasa, ngati tambala wachimfine, poti inali itakhala chete kuyambira ku India.

Sindinganame kuti ndinamenya bwino. Chala chachikulu chinayamba chakumba mchenga, mpira n'kunyamuka mwaulesi ngati ukupita kumsika. Koma Tembo anali atauluka kale ndi mtima wake wonse, thupi lonse m'malere, dzanja litafika pa mtengo wa kumanzere. Ali chigonere anatembenuza mutu n'kuuona mpira ukudutsa mbali inayo, osafulumira, mpaka unakakhala mu ukonde wa katundu.

Kuchokera pabuloko wezulo inalira katatu, komaliza motalika. Kenako tinamva chinthu chimene Chinamwali anali asanamvepo, azakhali a Esitere akululutira pamanda. Amayi ena awiri anawalandira. Abusa anaipeza vesi yawo, ndipo bokosi linayamba kutsika. Kapitawo wathu anali atavula chipewa. Ine ndinagwada pamchenga, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo sindikudziwa kuti chochuluka chinali chiti.

Tembo anabwera akudzisasa mchenga, nkhope ili gwa. "Iwe Chitsa, waphonya mbali. Ambuya anakamba kumanzere."

Ndinamupatsa foni kuti amve yekha. Anamvera mpaka kumapeto, anabwereza kachiwiri, kenako anakhala pansi n'kugwira mutu. "Mudala uyu! Zaka seventefaifi kunamiza Chipata yonse! Na ine ananiitana mwana wawo, kansi aniphika!" Anaseka mpaka kugona chagada. Kenako anadzuka, anandigwira chanza mwaulemu monga amachitira osewera mpira ukatha, ndipo tonse tinapita kukadya.

Azakhali anandiuza pambuyo pake kuti wezuloyo anaiponya m'manda pamodzi ndi dothi loyamba, poti ntchito yake inali itatha. Kampando anakatulutsa komwe anabisa, kali pakhonde, ndipo amati nkhuku zokha ndi zimene zimakwerapo.

Ife timasewerabe pamchenga paja, tsopano Lamlungu, poti masiku opuma anasintha. Buloko ija ili pomwe inali. Tembo anailemba ndi penti yofiira ya kuntchito kwake, Nyasalandi 2, Northern Rhodesia 1, ndipo akamaliza kuvala magolovesi amaigwira pamwamba asanapite pagolo. Kachidutswa ka katoni kaja kadakali kopanikizidwa m'bowo, kayera ndi dzuwa, ndipo mabowo enawo adzaza mchenga. Palibe amene amakhalapo, palibe amene amaikapo botolo la madzi, ngakhale anyamata atsopano amene sanawamvepo agogo. Ndikaphonya mpira ndimapezeka ndatembenukira komweko, kudikira dzina langa, koma kumangomveka magalimoto a mumsewu waukulu. Chimene ndaona n'chakuti mpira ukagubuduzikira mbali ya bulokoyo, aliyense, Mmalawi kapena Mzambia, amauimitsa mofatsa.